Za Azisudzo ndi Chikondi Chawo pa Siteji

Pamene uthenga unafika m'chaka cha 2021 wakuti Eric Mabedi, amene dziko lonse linamudziwa ndi dzina lakuti Jakobo, watsikira kulichete, patapita zaka zisanu chimwalirire mnzake John Nyanga, Izeki uja, anthu anachita chimene masiku ano chasanduka mwambo pa maliro a munthu wotchuka: anayamba kutumizirana pa lamya tizidutswa ta masewero ake, aliyense kufuna kuonetsa mnzake kuti nayenso ali pa chisoni. Ine ndinalandira tambiri, ndipo ndinationera tonse mwaulemu. Koma mtima wanga sunakhazikike, pakuti ngakhale mawu anali ake, nkhope ndi yake, ndi kayendedwe komwe kali kake, munthu amene ndinamuona ndi maso angawa ali pa siteji, amene ankagwedeza holo yonse ndi kungotukula chikope, m'kagalasi kaja munalibe. Ojambula sanalakwitse ntchito yawo ayi. Chimene chinandisautsa n'chakuti chinthu chimene ndinachisowa sichikanajambulika ngakhale ndi wojambula waluso lotani, chifukwa sichinali mwa Jakobo yekha, chinali pakati pa iye ndi ife amene tinakhala m'mipando. Ndipo kuyambira nthawi imeneyo ndakhala ndikusinkhasinkha kuti n'chifukwa ninji anthu azisudzo, ngakhale atalawa ndalama ndi kutchuka kwa pa kanema, mtima wawo umatsalabe ku siteji, kumene thukuta ndi lochuluka ndipo malipiro ndi ochepa.

Pali mayi wina amene ndadziwana naye kuyambira tili achinyamata, amene moyo wake wonse wauthera m'zisudzo, ndipo nkhope yake yaonekapo pa wailesi ya kanema kotero kuti akafika pamsika amayi ogulitsa tomato amamulonjera ndi dzina la m'sewero, kusiya lobatizidwa nalo. Woona patali akanati mayiyu anafika kale pamene ankafuna. Komatu madzulo ambiri mudzamupeza m'kalasi ya sukulu ina ya pulayimale, madesiki atawakankhira kukhoma, iye ndi anzake akuyeserera sewero limene mwina silidzabweza n'komwe ndalama za holo ndi za minibasi, akubwereza chigawo chimodzi mpaka mdima utagwa ndipo mlonda wayamba kugwedeza makiyi pakhomo. Nditamufunsa tsiku lina chimene amadzivutitsira chotero, sanandiyankhe ndi mawu akuya, koma anati, “Achimwene, kamera siitsokomola. Anthu m'holo akatopa nawe amatsokomola, amasuntha mipando, wina amadzuka kupita panja, ndiye umadziwiratu kuti apa ndataya njira.” Mawu amenewa anagonera mwa ine, pakuti ambiri a ife timayesa kuti wazisudzo amakwera pa siteji kuti anthu amumve, pamene mayiyu anali kundiuza kuti iye amakwerapo kuti akamve anthu.

Amene anakhalapo m'masiku a French Cultural Centre ku Blantyre, pamene kumapeto kwa sabata anthu ankaima pamzere kulipira pakhomo kuti akaone magulu a zisudzo a Kwathu kapena Wakhumbata, adzandichitira umboni kuti oonera a kuno kwathu sakhala duu. Amaseka mokweza, amang'ung'udza, amadzudzula, ndipo mwamuna wa m'sewero akayamba kunamiza mkazi wake, simulephera kumva mawu a mayi wina kumbuyo akufuula kuti, “Bodza limenelo, mayi, musamumvere!” Tsono taonani chimene katswiri ankachita nalo phokosolo. Mnzake akamufunsa funso, iye sankafulumira kuyankha. Ankayamba wayang'ana pansi, kenaka n'kutembenuza khosi pang'onopang'ono kuyang'ana ife, monga wotifunsa ngati nafenso tamva zimene wamva iyezo, ndipo chiseko chinkayambira m'mipando ya kutsogolo n'kumka chifalikira mpaka kumbuyo. Iye ali chiimire, khutu lili tcheru, kudikira kufikira chiseko chija chitafika pachimake n'kuyamba kutsika, ndipo pomwepo ankaponya liwu limodzi lokha limene linkatigwetsa tonse, ena kugwira nthiti, ena kupukuta misozi. Kudikira kumeneko sikunalembedwe papepala lililonse, ndipo palibe mphunzitsi amene angauze wophunzira kuti uwerenge kufika pakutipakuti ndipo uyankhe. Kutalika kwake tinkakupanga ndife, ndipo tsiku limene m'holo mwadzaza ana a sukulu kunali kwina, tsiku limene mwadzaza akuluakulu a m'maofesi ndi akazi awo kunalinso kwina.

Ndikamalingalira zimenezi ndimaona kuti chikondi cha azisudzo pa siteji n'chakale kuposa siteji imene, pakuti makolo athu sanalidziwe luso la pakamwa kapena la thupi lochitidwa ndi munthu mmodzi ena onse ali chete. Agogo akati ayambe nthano madzulo, sankapitirira liwu loyamba adzukulu asanavomere kuti tili tonse, ndipo kuvomerako kukayamba kuzilala ankadziwa kuti tulo talowa, nthano n'kuifupikitsa kapena kuiponyera nyimbo kuti ana adzidzimuke. Ndipo pabwalo la gule wovina amamvera ng'oma, woimba ng'oma nayenso maso ali pa mapazi a wovina, amayi akuwomba m'manja ndi kuthira mang'ombe, kotero kuti simungaloze mmodzi n'kunena kuti mwini gule ndi uyu. Akulu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Wazisudzo akaima pamaso pa kamera, ngakhale amuzungulire anthu ochuluka onyamula nyale ndi zingwe, ali yekha, chifukwa onsewo alamulidwa kukhala chete ndipo aliyense mtima uli pa ntchito yake. Koma akaima pamaso pa oonera, ngakhale akhale owerengeka m'holo yodontha, ali ndi omuvomera, ndipo liwu lililonse limene atulutsa limabwerera kwa iye lili ndi yankho.

Ndinaonererapo kujambula kwa sewero la pa kanema m'dera lina la mumzinda, ndipo zimene ndinaona zinandichititsa kulemekeza ntchitoyo, komanso kumvetsa chimene imamulanda munthu. Popeza nyumba imene anabwereka inali yoti aibweze kwa eni ake madzulo, anajambula zonse za m'nyumbamo tsiku limodzi, mosatsata m'mene nkhani imayendera: mtsikana amene m'mawa analira maliro a mwamuna wake, masana anavala diresi lina n'kukhala pa mpando womwewo, kuyembekezera mwamuna yemweyo kuti adzamufunsire mbeta. Kulira kwenikweniko anakubwereza kambirimbiri, poyamba chifukwa chigayo cha pafupi chinayamba kulira, kenaka chifukwa mtambo unaphimba dzuwa, kenakanso chifukwa wotsogolera anafuna kujambula nkhope yokha pafupi. Ndipo pojambula nkhope yokhayo, amene ankasewera ngati mlamu wake womutonthoza anali atamasulidwa kale kuti akadye, kotero kuti mtsikanayo anakhetsa misozi yake akuyang'ana chikhato cha munthu wina chimene anachiimika pambali pa kamera kuti maso ake alunjike pamenepo. Analira bwino ndithu, mpaka ine ndinagwidwa chisoni. Koma wotsogolera atanena kuti basi, panalibe wousa moyo, panalibe wopukuta m'maso, aliyense anathamangira kusuntha nyale dzuwa lisanapendeke, ndipo mtsikanayo anatsala pa mpando kudzitonthoza yekha.

Ndipo ntchito ikathera pamenepo, siikhalanso m'manja mwake. Zidutswa zonse zimapita kwa munthu wina amene adzakhale pa kompyuta masabata angapo pambuyo pake, mwini misozi kulibe, ndipo ndiye amasankha kulira kumene kudzaoneke ndi kumene kudzatayidwe, ndiye amafupikitsa kudikira kapena kukutalikitsa, ndiyenso amaika nyimbo pansi pa mawu kuti oonera adziwe pamene ayenera kugwidwa chisoni. Zimachitika kuti kamphindi kamene wazisudzo anakakonda koposa, kamene anadziwa mumtima mwake kuti apa ndanena zoona, n'kamene kamatayidwa chifukwa chakuti kumbuyo kwake kunadutsa wa kabaza. Wazisudzo wa pa kanema amafanana ndi mlimi wa fodya amene wavutika naye kuyambira ku nazale mpaka m'chigafa, n'kumudinda m'mabelo, n'kumupereka ku okushoni: ndalama alandira, mwina zabwino ndithu, koma fodyayo akasakanizidwa ndi wa anthu ena kutsidya kwa nyanja, ndipo amene adzamusute sadzaonana naye maso ndi maso mpaka kalekale. Pa siteji palibe woima pakati. Chinsalu chikangotseguka, wolemba sewero ndi wolitsogolera amasanduka oonera monga wina aliyense, sangathenso kuimitsa kapena kukonza kanthu, ndipo kwa maola awiri ulamuliro wonse, wa nthawi, wa mawu ndi wa kukhala chete komwe, uli pa mapewa a iwo amene aima poyera.

Ulamuliro umenewo umadza ndi mantha ake, ndipo ndikhulupirira kuti manthawo ndi mbali ya chimene amachikonda, ngakhale eni ake sanena chotero kawirikawiri. Madzi akatayika saoleka. Liwu likathawa m'mutu pamaso pa khamu, palibe wonena kuti tiyambirenso, ndipo munthu ayenera kudzipulumutsa pomwepo kapena kupulumutsidwa ndi mnzake. Ndinaonapo mnyamata ataiwala mawu ake pakati pa sewero, nkhope itauma gwa, manja akusowa pokhala, ndipo mkulu amene ankasewera ngati atate ake, osasintha nkhope kapena liwu, anamuyandikira, namugwira paphewa, nati, “Mwana wanga, ukuopa kundiuza za ngongole ija, eti?” ndipo potero anamubwezera m'njira, oonera ambiri osazindikira kuti pachitika kanthu. Chipulumutso chotere chimamanga anthu pamodzi kuposa pangano lililonse lolembedwa, pakuti amene anakugwira paphewa usiku umene unali pafupi kugwa pamaso pa mzinda wonse sungamuiwale, ndipo n'chifukwa chake azisudzo akamakamba za gulu lawo amakamba monga za mbumba yawo, ndi mikangano yomwe ya pachibale. Palinso ichi, chakuti pa siteji munthu amakhala moyo wa m'sewero kuyambira pachiyambi kufikira chimaliziro mosadukiza, kotero kuti pofika pa maliro amakhala atadutsa kale pa chinkhoswe ndi pa ukwati usiku womwewo, atamukonda mwamunayo pamaso pa mboni, ndipo misozi imabwera yokha chifukwa ili ndi kumene yachokera.

Sewero la pa siteji limakulanso. Gulu likalionetsa ku Blantyre, n'kupita nalo ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, limene libwerera kunyumba silikhala lomwe lija linanyamuka. Nthabwala imene inagwetsa anthu kummwera imatha kufika kumpoto n'kudutsa osasekedwa ndi munthu, pamene mawu ena amene palibe anawaganizira amakachititsa holo yonse kukhala zii, ndipo usiku mu minibasi, zovala za m'sewero zili m'zikwama pamiyendo, amatsutsana za chimene chachitika, mawa n'kuyesa mwina. Munthu amene wavala khalidwe la mkazi wamasiye mmodzi usiku ndi usiku kwa miyezi amafika pomudziwa mkaziyo mwa njira imene masiku ochepa a kujambula sangamupatse.

M'masiku a ulamuliro wa chipani chimodzi nkhaniyi inali ndi kulemera kwina. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe la boma lounika mabuku, mafilimu ndi masewero, ndipo sewero lisanaonetsedwe poyera linayenera kudutsa m'manja mwa bungwelo, limene linali ndi mphamvu yodula mawu kapena kuletsa sewero lonse. Koma wounika amawerenga pepala, ndipo pepala silionetsa pamene munthu adzayambe waima asanatchule liwu, kapena mbali imene adzayang'ane polinena. Chotero mawu amene anali osalakwa pa desiki ankatha kulasa pa siteji, oonera n'kumva, n'kuseka chiseko cha anthu odziwa, popanda aliyense wotchula dzina. Dunduzu Chisiza wamng'ono, amene tonse tinkangomuti Du, mwana wa mmodzi wa atsogoleri omenyera ufulu wa dziko lino amene anafa mu 1962 mwanayo asanabadwe, anatulukira pa mpikisano wa zisudzo wa sukulu za sekondale wa ATEM, ndipo mu 1987 anakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre ndi cholinga chimene panthawiyo ambiri anachiyesa maloto, chakuti munthu azidya za zisudzo zokha. Ndipo anthu ankakhamukira ku masewero ake monga Papa's Empire kukamva zimene sakanaziwerenga m'nyuzipepala. Amene anaimapo pa siteji m'masiku amenewo, akudziwa kuti pakati pa oonera pakhoza kukhala makutu a boma, nanenabe zimene anadza kudzanena, anamva kulemera kwa ntchito yake mwa njira imene sangaiiwale, ndipo sindidabwa kuti otsala a m'badwo umenewo amakamba za siteji ndi ulemu umene ena amasungira guwa.

Si kuno kokha. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri anapita kukagwira ntchito ndipo anadzionera okha nkhanza za malamulo a pasi, John Kani ndi Winston Ntshona, amene pamodzi ndi Athol Fugard anapanga sewero la Sizwe Banzi Is Dead mu 1972, lokamba za munthu amene anatenga pasi ya wakufa kuti apeze ntchito, analandira mphoto ya Tony ku New York mu 1975, koma chaka chotsatira anatsekeredwa m'chitokosi ku Transkei chifukwa cha sewero lomwelo. Olamulira mwankhanza amaopa munthu wamoyo woima pamaso pa anthu amoyo, chifukwa sadziwa chimene chidzadutse pakati pawo usiku umenewo. Ndipo kuno kwathu gulu la zisudzo loyendayenda la ku Chancellor College, m'zaka za m'ma 1980, pamodzi ndi aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, linkapita kumidzi ndi masewero a m'Chichewa okamba za mavuto a komweko, ndipo pakati pa sewero wazisudzo ankatembenukira kwa eni mudzi n'kuwafunsa kuti nanga inu mukanatani, yankho lawo n'kulowa m'nkhani momwemo. Zotero galasi la kanema silingathe, ngakhale likule motani.

Komabe chikondi changa pa siteji chisanditseke maso, pakuti mbali inayo nayonso ili ndi mlandu womveka. Du anamwalira mu February 1999, patangotsala milungu yochepa kuti wailesi ya kanema ya boma, TVM, iyambe kuulutsa. Ndipo lero mwana wobadwa pambuyo pake amamudziwa bwino Manganya wa m'Tikuferanji, Michael Usi amene mu 2024 anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, koma mukamutchulira Du amangomva dzina, ndipo ife amene tinamuona tikamayesa kufotokoza m'mene ankaimira ndi m'mene liwu lake linkadzazira holo, timaona m'maso mwa mwanayo kuti akutimvera mwaulemu chabe. Mayi wa kumudzi ku Nsanje kapena ku Chitipa, amene sanapondepo m'holo ya zisudzo, anaseka ndi kulira pomvera Kapalepale ndi Pamajiga pa wailesi ya MBC, ndipo sindingayerekeze kunena kuti chimene analandira chinali chochepa. Mafilimu a Shemu Joyah, Seasons of a Life ya 2008 ndi The Last Fishing Boat ya 2012, anatengera nkhope za azisudzo athu kumaiko kumene minibasi ya gulu lililonse siikanafika, ndipo nkhopezo zidzakhalapo ife titapita. Kamera imaonanso zimene wokhala pa mpando wakumbuyo sangaone, kunjenjemera kwa mlomo, diso lothawa mnzake, ndipo kuchepetsa thupi ndi mawu kufikira pamenepo ndi luso lalikulu pa lokha, limene akatswiri ena a siteji amalephera. Za ndalama ndiye n'zosachita kunena: holo ndi yolipira, zikwangwani n'zolipira, ulendo ndi wolipira, ndipo mvula ikagwa kapena pakakhala mpira waukulu tsiku lomwelo, gulu limagawana zimene sizingagule thumba la ufa, pamene ana kunyumba akudikira fizi. Wazisudzo amene wasankha kanema chifukwa cha ana ake sanagulitse ukulu wake, ndipo ine sindidzamuweruza.

Chimene chimandibweza n'chakuti ngakhale iwo amene alibe nkhawa ya ufa amabwererabe ku siteji. Chiwetel Ejiofor, amene anadza ku Kasungu kudzajambula mbiri ya William Kamkwamba, filimu imene inatuluka mu 2019, naphunzira Chichewa kuti asewere ngati atate a mnyamatayo, ndi munthu amene analandira mphoto ya Olivier chifukwa cha Othello m'kanyumba kakang'ono ka zisudzo ka Donmar Warehouse ku London. Ndipo dziko lonse litamudziwa ndi filimu ya 12 Years a Slave ya 2013, mu 2015 anali ataimanso pa siteji ya National Theatre usiku ndi usiku. John Kani, anthu miyandamiyanda atamuona m'filimu ya Black Panther mu 2018, chaka chotsatira anali ku Stratford-upon-Avon, nkhalamba ya zaka zoposa 70, akusewera Kunene and the King, sewero limene analemba yekha. Anthu otere sakusowa kutchuka. Ine ndiyesa kuti chimene amakafuna ndi chiweruzo choona, pakuti munthu akatchuka omuzungulira amasiya kumuuza zoona, ndipo pamalo ojambulira aliyense amanena kuti zakhala bwino chifukwa nthawi ndi ndalama zikuthamanga. Koma khamu limene lalipira pakhomo silidziwa kusyasyalika, silinganamizire kukhala chete ngati mtima wake sunagwidwe, ndipo silingabise kutopa kwake. Wakutsina khutu ndi mnansi. Munthu amene amaikonda ntchito yake kuposa dzina lake amafuna wina womutsina khutu, ndipo amamupeza m'mipando ya mumdima ija.

Nanga za kufa kwa sewero usiku womwewo, zimene zimandiwawa ine chotere, eni ake amaziona bwanji? Ndazindikira kuti chisoni chimenechi n'cha ife oonera koposa, ife amene timafuna kusunga zimene tinakonda kuti tidzaonetse adzukulu. Mayi uja nditamudandaulira kuti ntchito yake yabwino koposa palibe anaijambula, anandiyankha kuti chimene chimamusowetsa tulo iye ndi zimene zinajambulidwa, pakuti pali chigawo china cha pa kanema chimene anachisewera ali wosakhwima, ndipo nthawi iliyonse akachibwereza amaona pamene analakwitsa, sangathe kulowamo kuti akonze, ndipo chidzakhala chotero iye ali m'manda. Pamene cholakwa cha pa siteji chimatha ndi usiku wake, mawa n'kupatsidwanso mwayi wina. Ndinaona pamenepo kuti chimene ine ndimachitcha kutayika, iye amachiona ngati chikhululukiro, ndipo sindinapeze mawu omutsutsira, ngakhale mtima wanga sunaleke kulakalaka kuti mdzukulu wanga akanamuona Du.

Nkhawa imene ndatsala nayo ndi ya malo. French Cultural Centre inatsekedwa mu 2011, boma n'kuigula, n'kuitcha Blantyre Cultural Centre, ndipo inakhala zaka zambiri ikudikira kukonzedwa, magulu a zisudzo akuyendayenda m'maholo a sukulu, a mipingo ndi a mahotela, kumene mtengo wake kapena phokoso la pafupi limawagonjetsa asanayambe. Pakali pano achinyamata aluso, ndipo alipo ambiri, akusewera pamaso pa lamya, n'kuika pa Facebook ndi pa TikTok, ndipo ena mwa iwo amandiseketsa kwambiri. Koma yankho la oonera limawafika ntchito itatha kale, lili chiwerengero, pamene sangathenso kutalikitsa kudikira kapena kutsitsa liwu. Khutu lija limene linkayeza chiseko cha holo yonse siliphuka lokha, limakula ndi zaka za kuima pamaso pa anthu, kugwa ndi kudzukanso. Ndipo ngati mipikisano ya m'sukulu ifooka ndi maholo atsekedwa, sindidziwa kumene mwana wa lero adzaliphunzire. Makampani ndi mabungwe amene amalipira azisudzo kuti anyamule uthenga wawo pa kanema akanachita bwino kukumbukira kuti akukolola m'munda umene unalimidwa pa siteji.

Gulu la mayi uja linali ku Zomba posachedwapa ndi sewero lawo latsopano, ndipo pa chigawo chimene iye amachikonda koposa, pamene mkazi wamasiye amalankhula nthawi yaitali pamaso pa akuchimuna amene adza kudzalanda katundu, anthu anayamba kutsokomola asanafike pakati. Wolemba sewerolo anakana kudula, nati mawu onsewo ndi ofunika ndipo anthu a tsikulo anali otopa ndi kutentha; iye anaumirira kuti oonera sanalakwe, ndipo atakangana madzulo awiri m'kalasi muja anadula theka la mawuwo, n'kuika m'malo mwake kuti mkaziyo azipinda zovala za malemu chimodzichimodzi alamu ake akuyang'ana. Kumapeto kwa mwezi apita nalo ku Lilongwe, ndipo wolembayo wanenetsa kuti akakhala pa mpando wakumbuyo kwenikweni, kuti ngati anthu akakhale chete pa theka lotsalalo, akabwezeretse ziganizo zitatu zimene zikumupweteka mtima.